Elena Baltacha: zaka 30 za moyo, nambala 49 pa dziko lonse

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna tikambirane za Elena Baltacha, wosewera tenisi wa ku Britain uja anamwalira pa 4 Meyi 2014 ali ndi zaka 30 zokha. Kwa amene simukumudziwa, anabadwira ku Kyiv pa 14 Ogasiti 1983. Bambo ake, Sergei Baltacha, anali katswiri wa mpira wamiyendo, ankatchinga kumbuyo ku Dynamo Kyiv komanso mu timu ya dziko la Soviet Union. Atagulidwa ndi Ipswich Town, banja linasamukira ku England mu 1989, kenaka ku Perth ku Scotland pomwe bambowo anakayamba kusewera ku St Johnstone. Mayi ake, Olga, nawonso anali munthu wa masewero othamanga ndi kudumpha. Elena anakulira ku Scotland, ndipo anzake ankangomutchula kuti Bally.

Funso langa ndi ili. Chikho cha WTA, bungwe loyendetsa mipikisano ikuluikulu ya tenisi ya amayi, sanapambaneko, ku Grand Slam, mipikisano inayi yaikulu koposa pa chaka, sanadutsepo ndime yachitatu, ndipo pamwamba penipeni pomwe anafika pa mndandanda wa dziko lonse ndi pa nambala 49, mu Seputembala 2010. Nanga n'chifukwa chiyani odziwa tenisi amamupatsa ulemu waukulu chonchi? Ndikupempha mayankho okhudza masewerowo, osati achisoni chokha.

Achimwene a Mpira:
Achemwali, ine ndinena mosabisa. Imfa ya munthu wachichepere imawawa, ndipo mzimu wake uuse mumtendere. Koma pa nkhani ya tenisi, dzina lake linakula chifukwa anali wa ku Britain. Kumeneko kuli Wimbledon, umodzi mwa ma Grand Slam aja, kuli manyuzipepala ambiri, ndipo zaka zimenezo analibe atsikana ambiri ochita bwino. Akanakhala wa ku Russia kapena Czech Republic, nambala 49 bwenzi ali wachisanu kapena wachikhumi m'dziko lake, palibe akanamulemba.

Kochi Phiri:
Achimwene, gawo lina la mawu anu ndi loona, ndipo tibwererako. Koma tiyambe ndi mmene nambala ija imapezekera, chifukwa ambiri amaiwerenga ngati malikisi a mayeso pomwe si choncho.

Mapointi a mndandanda wa WTA amakhala ndi moyo wa masabata 52. Zomwe wapeza sabata ino zidzafufutidwa sabata yomweyi chaka chamawa, kaya wasewera kaya uli m'chipatala. Komanso sawerengera mipikisano yonse imene walowa. Mu nthawi ya Elena, kuyambira 2009, ankatenga mipikisano 16 yomwe wachita bwino kwambiri.

Tsopano taonani makwerero ake. Pansi pali mipikisano ing'onoing'ono ya ITF, bungwe la tenisi la dziko lonse, yomwe nthawi imeneyo inkatchulidwa ndi ndalama zonse za mphoto: ya madola 10,000, 25,000, 50,000, 75,000 ndi 100,000. Pamwamba pake pali ya WTA, kenaka ma Grand Slam anayi. Mu 2010 wopambana mpikisano wa madola 25,000 ankapata mapointi 50, atagonjetsa anthu 5 motsatizana. Wopambana wa madola 100,000 ankapata 140 kapena 150. Ku Grand Slam, kungopambana masewero amodzi n'kulowa ndime yachiwiri kunali mapointi 100, ndime yachitatu 160, ndipo wotenga chikho 2,000.

Werengerani nokha. Munthu atapambana mipikisano 16 ya madola 25,000 popanda kugonja ngakhale kamodzi, akhala ndi mapointi 800. Kuti ukhale m'gulu la 50 apamwamba pankafunika mapointi opitirira 1,000. Ndiye kuti nambala 49 sungaifike posewera mipikisano ing'onoing'ono yokha. Uyenera kulowa mipikisano ikuluikulu n'kumagonjetsa anthu a maina, osati kamodzi, koma chaka chonse.

Madala a Tenisi:
A Kochi ayala bwino. Ndiwonjezere ndondomeko ya zaka, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo.

Mu 2001 anafika ndime ya semifainolo ya atsikana achisodzera ku Wimbledon. Mu 2002, ali ndi zaka 18 komanso ali kunja kwa osewera 200 apamwamba, anapatsidwa malo mu mpikisano wa akuluakulu ku Wimbledon komweko. Anagonjetsa María Vento-Kabchi, kenaka Amanda Coetzer wa ku South Africa, yemwe m'mbuyomo anafikapo pa nambala 3 pa dziko lonse. Anagonja ndime yachitatu kwa Elena Likhovtseva. Aliyense ankaona kuti mwanayu zaka ziwiri sizitha asanalowe mu 100 apamwamba.

Analowamo liti? Seputembala 2009, atapambana mpikisano wa madola 75,000 ku Shrewsbury. Apo n'kuti ali ndi zaka 26. Kuchokera pa Coetzer kufika pamenepo panadutsa zaka 7. Mu tenisi ya amayi, wosewera amene wafika zaka 25 asanalowe mu 100 nthawi zambiri amakhala atasiya kale, ndalama zitamuthera kapena mtima utagwa. Zomwe zinadya zaka 7 zija ndi matenda a chiwindi omwe anapezeka nawo ali ndi zaka 19, ndi msana womwe unachitidwa opaleshoni mu 2006.

Nachisale:
Zikomo madala. Matenda a chiwindiwo ndi ati kwenikweni? Ambiri akamva za chiwindi amathamangira kuganiza za mowa.

Anamwino Nabanda:
Achemwali, mwachita bwino kufunsa, chifukwa maganizo a mowawo ndi olakwika ndipo amanyozetsa odwala. Matenda omwe Elena anali nawo madokotala amawatchula kuti primary sclerosing cholangitis, mwachidule PSC. Sabwera ndi mowa, sapatsirana, ndipo si a majeremusi a hepatitis. Amagwirizana ndi chitetezo cha m'thupi chomwe chimalimbana ndi thupi lomwelo.

Chiwindi chimapanga ndulu. Nduluyo imayenda m'timitsempha ting'onoting'ono m'kati mwa chiwindi, timitsemphato timalumikizana n'kukhala njira yaikulu yotsikira m'matumbo, komwe ndulu imathandiza kugaya mafuta. Kwa wodwala PSC, timitsempha timeneti timatupa, tikamapola timasiya zipsera, ndipo zipserazo zimachepetsa njira malo ndi malo. Zili ngati ngalande ya m'dimba yomwe yadzaza matope: madzi sapita patsogolo, amabwerera n'kumaononga mbewu za kumtunda. Ndulu ikabwerera choncho imaononga chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Zomwe wodwala amamva: kutopa kosatha ngakhale wagona bwino, kuyabwa thupi lonse makamaka usiku, kupweteka kumtunda kwa mimba mbali ya kumanja, maso ndi khungu kuchita chikasu, mkodzo wakuda ndi chimbudzi chotuwa. Ndulu ikaima pamalo otsekeka, majeremusi amaswana, munthu n'kuyamba kutentha thupi ndi kunjenjemera. Zikatero pamafunika maantibayotiki mwamsanga, nthawi zina kugonekedwa m'chipatala. Popeza mafuta sagayika bwino, thupi limatha kuperewera mavitamini A, D, E ndi K, ndipo kuchepa kwa vitamini D kumafooketsa mafupa. Odwala ambiri amakhalanso ndi matenda otupa matumbo aakulu.

Kuti awapeze, amayamba ndi kuyeza magazi a chiwindi, pomwe chinthu china cha m'magazi chotchedwa alkaline phosphatase chimakhala chokwera. Kenaka amajambula njira za ndulu ndi makina a MRI. Ngati pali malo amodzi otsekeka kwambiri, amalowetsa kachubu ka kamera kudzera pakamwa mpaka m'matumbo, n'kukulitsa malowo ndi kabaluni. Mankhwala ochiritsiratu palibe. Omwe amaperekedwa ndi ochepetsa kuyabwa, othandiza ndulu kuyenda ndi othana ndi majeremusi. Chiwindi chikafika polephera, chotsala ndi kuika china. Chowawa kwambiri n'chakuti matendawa amakweza chiopsezo cha khansa ya m'njira za ndulu, ya chiwindi ndi ya matumbo, n'chifukwa chake wodwala amayenera kumayezedwa pafupipafupi moyo wake wonse.

Kochi Phiri:
Anamwino, chomwe mwatchula cha kutopa ndi chimene ndikufuna anthu achigwire. Taonani ntchito ya wosewera tenisi. Masewero a amayi ndi a zigawo zitatu zotchedwa maseti, wopambana awiri ndiye wapambana. Amatha kutha mu ola limodzi, amathanso kupitirira maola atatu. Pakati pa pointi ndi pointi ku Grand Slam nthawi imeneyo unkapuma masekondi 20 okha. Posinthana mbali umakhala pansi masekondi 90, seti ikatha masekondi 120. Palibe wolowa m'malo mwako monga ku mpira wamiyendo. Ukadwala pabwalo amakupatsa mphindi zitatu za chithandizo, zikatha uyimirire kapena uvomere kugonja.

Ndipo ukapambana lero, mawa uli pabwalo. Mpikisano wa anthu 32 umafuna kupambana kasanu mu sabata imodzi. Ukayambira ku masewero odzigulira malo, omwe osewera a nambala zotsika amalimbirana malo mu mpikisano weniweni, onjezerani awiri kapena atatu. Lamlungu ukwere ndege, Lolemba kapena Lachiwiri uyambirenso kwina, nyengo ina, chakudya china, nthawi yogona ina. Kunja kwa mipikisano, tsiku la maphunziro ndi maola atatu kapena anayi pabwalo, kuphatikizapo ola kapena awiri olimbitsa thupi.

Thupi limalimba pa nthawi yopuma, osati pa nthawi yogwira ntchito. Minofu imang'ambika pang'ono pophunzira, imadzikonza usiku, ndipo chiwindi ndi chomwe chimasunga shuga wa mphamvu ndi kukonza zomanga thupi. Wosewera wa chiwindi chodwala amachedwa kubwerera mwakale. Ndiye mphunzitsi amakhala pa mphambano: akamuphunzitsa mofanana ndi anzake adwala, akamuchepetsera afika pa mpikisano miyendo ilibe mphamvu ya seti yachitatu. Njira yake ndi kuchepetsa maola n'kukweza ubwino wa maphunzirowo, kuika masiku opuma mu ndondomeko osadikira kuti thupi likane lokha, ndi kusankha mipikisano mosamala m'malo molowa paliponse. Koma kusankha kumeneko kumatanthauza mipata yochepa yopezera mapointi.

Anamwino Nabanda:
Palinso nkhani ya mankhwala. Osewera ambiri amadalira mapiritsi opha ululu kuti amalize mpikisano. Wodwala chiwindi sangamwe mwachisawawa, chifukwa mankhwala ambiri amadutsa m'chiwindi momwemo. Ngakhale panado ali ndi mlingo wake wosayenera kupitirira. Ndiye china chilichonse chomwe dokotala walemba chiyenera kuyerekezedwa ndi mndandanda wa mankhwala oletsedwa pa masewero, ndipo ngati chili pa mndandandawo pafunika chilolezo cholembedwa. Elena ankamwa mapiritsi tsiku lililonse kuyambira zaka 19 mpaka kumapeto kwa ntchito yake.

Achimwene a Mpira:
Zamatenda ndamva, ndipo sindingatsutse. Koma bwererani ku mfundo yanga ija. Wimbledon ya 2002 mwanena nokha kuti anachita kupatsidwa malo. Mtsikana wa ku Zimbabwe kapena ku Bolivia wa nambala yomweyo akanapatsidwa?

Madala a Tenisi:
Sakanapatsidwa, achimwene, pamenepo mwalasa. Tifotokoze mmene malo amagawidwira. Grand Slam ili ndi malo 128. Kwa amayi, zaka zimenezo ku Australian Open ya ku Melbourne, French Open ya ku Paris ndi Wimbledon, malo 108 ankapita kwa amene ali pamwamba pa mndandanda masabata 6 mpikisano usanayambe. Malo 12 ankapita kwa opambana masewero odzigulira malo, komwe uyenera kugonjetsa anthu atatu motsatizana. Malo 8 otsalawo eni mpikisano amapereka kwa amene akufuna, ndipo ambiri amapita kwa ana a dziko lomwelo. Choncho wosewera wa ku Britain, France, Australia kapena America ali ndi khomo lomwe ena alibe. Ndalama zake si zochepa: mu 2010 wogonja ndime yoyamba ku Wimbledon ankalandira mapaundi 11,250, pomwe wopambana mpikisano wonse wa ITF wa madola 25,000 ankalandira pafupifupi madola 3,000. Kwa wosewera wa nambala 200, malo aulere amodziwo amalipira maulendo a miyezi ingapo. Onjezerani thandizo la LTA, bungwe loyendetsa tenisi ku Britain, lomwe limalandira ndalama zambiri kuchokera ku phindu la Wimbledon.

Koma taonani komwe zotsatira zake zazikulu zinachokera. Australian Open ya 2005 palibe anamupatsa malo. Anapambana katatu kodzigulira malo, kenaka anagonjetsa Katarina Srebotnik ndi Stéphanie Cohen-Aloro, n'kugonja ndime yachitatu kwa Silvia Farina Elia. Kumeneko ndi kupambana kasanu motsatizana m'dzuwa la Januwale la ku Melbourne, kwa munthu amene Anamwino afotokoza matenda ake. Mu 2010 komweko analowa ndi nambala yake, anagonjetsa Pauline Parmentier ndi Kateryna Bondarenko, n'kuimitsidwa ndi Dinara Safina yemwe anali nambala 2 pa dziko lonse. Malo aulere amakulowetsa pabwalo, koma sakumenyera mpira.

Mphunzitsi wa Masewero:
Chaka cha 2010 chija tichione bwinobwino, chifukwa ndicho chimayankha funso la a Nachisale.

Januwale, ndime yachitatu ku Australian Open. Febuluwale, anatenga chikho cha madola 100,000 ku Midland m'chigawo cha Michigan, kenaka anafika ndime ya makotafainolo ku Memphis komwe anagonja kwa Maria Sharapova. Malichi, ku Indian Wells, anagonjetsa Li Na pa maseti atatu, seti yomaliza inathera pa tie-break, kamasewero kosiyanitsa osewera akafanana mphamvu. Li Na n'kuti ali mu 10 apamwamba, atangofika kumene semifainolo ku Melbourne, ndipo chaka chotsatira anatenga French Open. Juni, anapambana chikho cha pa kapinga ku Nottingham, n'kufika makotafainolo ku Eastbourne. Julayi, ku Istanbul, anagonjetsa Francesca Schiavone pa maseti awiri, patangodutsa masabata ochepa Schiavone atanyamula chikho cha French Open. Seputembala, nambala 49.

Mipikisano yambiri pa imeneyi ili kunja kwa Britain, pa mabwalo olimba, opanda anthu akwawo omuchemerera. Munthu amene wagonjetsa osewera awiri a mu 10 apamwamba m'chaka chimodzi sanapangidwe ndi manyuzipepala. Ndipo kuyambira Disembala 2009 mpaka Juni 2012 anakhala nambala 1 wa ku Britain osasunthika, Anne Keothavong ali pambuyo pake ndipo Heather Watson ndi Laura Robson akubwera.

Nachisale:
Nanga kasewero kake kanali kotani? Chinkamupambanitsa n'chiyani, ndipo chinkamugwetsa n'chiyani?

Kochi Phiri:
Ankamenya ndi dzanja lamanja, mbali ya kumanzere akugwira raketi ndi manja awiri. Chida chake chachikulu chinali sevisi yamphamvu, ndiko kumenya koyambitsa pointi, ndi mipira yowongoka, yosazungulira kwambiri, yodutsa pafupi ndi ukonde. Cholinga cha wosewera wotere ndi kumaliza pointi msanga: sevisi, mpira umodzi kapena iwiri yamphamvu, basi.

Ubwino wake ndi wakuti mdani sapeza nthawi. Kuipa kwake kuli mu miyezo ya bwalo. Bwalo ndi lotalika mamita 23.77, m'lifupi mamita 8.23 pa masewero a mmodzimmodzi. Ukonde pakati ndi wotalika masentimita 91.4, m'mbali mita 1.07. Mpira wozungulira kwambiri umatha kudutsa mita yathunthu pamwamba pa ukonde n'kugwerabe m'kati chifukwa umapindikira pansi. Mpira wowongoka umadutsa masentimita ochepa chabe pamwamba pa ukonde. Ukachedwa pang'ono kuika phazi, umagunda ukonde kapena kutuluka kunja. Ndiye kasewero kameneka kamadalira miyendo kufika msanga, ndipo miyendo ndi yomwe imayamba kukana thupi likatopa. Adani anzeru ankamuthamangitsa mbali ndi mbali, kutalikitsa pointi, kumudikira alakwe.

N'chifukwa chake kapinga ankamuyanja. Ku Wimbledon udzu amaudula mamilimita 8, mpira ukagunda umatsetsereka, sudumpha kwambiri, mapointi amakhala aafupi. Ku Nottingham anatenga zikho zitatu, mu 2010, 2011 ndi 2013. Pa dothi la ku Paris zinali zosiyana. Dothi limagwira mpira, umachedwa n'kudumpha mmwamba, ndipo mpira womwe pa kapinga ukanatha pointi umabwezedwa. Kupambana kwake koyamba mu mpikisano weniweni wa French Open kunabwera mu 2011, pomwe anagonjetsa Sloane Stephens yemwe panthawiyo anali mtsikana wongoyamba kumene.

Mphunzitsi wa Masewero:
A Kochi, mwatchula sevisi, ndiye tilumikize ndi msana uja. Poseva, wosewera amaponya mpira mmwamba, amapinda maondo, amapindikira chagada, amapotoza chiuno ndi mapewa, kenaka n'kudziwongola mwamphamvu akudumpha. Kupindikira chagada pamodzi ndi kupotoka kumapanikiza kumunsi kwa msana. Pakati pa mafupa a msana pali tinyama tofewa tochepetsa kugundana. Kakunja ka kanyamako kakang'ambika, kam'kati kamatulukira n'kutsamira pa mtsempha wopita ku mwendo. Ululu umatsika kuchokera m'chiuno mpaka ku phazi, mwendo umachita dzanzi. Pa masewero amodzi munthu amatha kuseva kopitirira 80, osawerengera za pophunzira.

Zolakwika zomwe zimafulumizitsa vutoli kwa ana ophunzira ndi zitatu. Kuponya mpira kumbuyo kwa mutu, zomwe zimakakamiza msana kupindika mopitirira. Kusapinda maondo, ndiye mphamvu yomwe ikanachokera ku miyendo imafunidwa ku msana. Ndi minofu ya pamimba ndi m'chiuno yofooka. Mankhwala ake ndi kuponya mpira patsogolo pang'ono, cha kumanja kwa womenya ndi dzanja lamanja, kulimbitsa pamimba, ndi kuwerenga masevisi a tsiku lililonse m'malo mongomenya mpaka dengu la mipira lithe.

Opaleshoni yochotsa kanyama kotulukako ndi yaing'ono pa chilonda, koma kubwerera pabwalo kumatenga miyezi. Kuyenda kaye, kulimbitsa pamimba, kumenya mipira ya pansi, sevisi kumapeto kwenikweni. Pa nthawi yonseyi mapointi aja akufufutika sabata ndi sabata.

Achimwene a Mpira:
Kodi palibe lamulo loteteza wovulala? Ku mpira wamiyendo malipiro amapitirira.

Madala a Tenisi:
Malipiro ku tenisi kulibe. Ndiwe mwini bizinesi, ukapanda kusewera sulandira. Chomwe chilipo ndi nambala yotetezedwa. Ukakhala kunja miyezi 6 kapena kupitirira chifukwa cha kuvulala kapena kudwala, umaloledwa kugwiritsa ntchito nambala yako yakale polowera mipikisano yowerengeka mkati mwa nthawi yoikika. Koma imangotsegula khomo. Siikuika m'gulu la osankhika omwe amatetezedwa kuti asakumane ndi akatswiri poyambirira, ndipo siibweza mapointi. Komanso imathandiza amene anali pamwamba kale. Ngati unavulala uli pa nambala 150 kapena 200, nambala yotetezedwayo siikulowetsa ku Grand Slam. Umabwerera ku mipikisano ing'onoing'ono, kudzilipirira ndege, hotela, chakudya, kulukitsa zingwe za maraketi, ndi mphunzitsi ngati ungakwanitse. Mphoto nayo imadulidwa msonkho m'dziko lomwe wasewera.

Ntchito yake yonse Elena anapeza pafupifupi madola 1.2 miliyoni a mphoto. Zikumveka zambiri, koma gawani ndi zaka zopitirira 12, muchotse maulendo a dziko lonse a anthu awiri. Zambiri mwa ndalamazo zinabwera m'zaka zinayi zomaliza. Makwererowa anawakwera kuchokera pansi katatu: atapezeka ndi matenda a chiwindi, atachitidwa opaleshoni ya msana, ndi atachitidwa opaleshoni ya kakolo itatha Olimpiki ya 2012. Zikho 11 za ITF za mmodzimmodzi zomwe anapambana zikuonetsa nthawi yochuluka imene anathera pa makwerero apansiwo.

Nachisale:
Tiuzeni za mapeto ake. Zikuoneka kuti zinthu zinathamanga kwambiri.

Mphunzitsi wa Masewero:
Zinathamangadi. Olimpiki ya ku London ankaifunitsitsa. Nambala yake panthawiyo inali itatsika, ndiye anapatsidwa malo ndi ITF, ndipo amene anamuuza uthengawu ndi Judy Murray, yemwe panthawiyo anali mtsogoleri wa timu ya amayi ya Britain mu mpikisano wa maiko wa Fed Cup, pabwalo la Wimbledon Elena atangopambana masewero a ndime yoyamba. Analira pomwepo. Ku Olimpiki anagonjetsa Ágnes Szávay, n'kugonja kwa Ana Ivanovic. Kenaka opaleshoni ya kakolo, miyezi yambiri kunja. Anabwerera mu Epulo 2013, Juni anatenga chikho cha Nottingham, ku Wimbledon anagonja ndime yoyamba kwa Flavia Pennetta. Novembala 2013 analengeza kuti wasiya, thupi lakana. Disembala anakwatiwa ndi mphunzitsi wake wa zaka zambiri, Nino Severino. Januwale 2014 anapezeka ndi khansa ya chiwindi, Malichi nkhaniyi inalengezedwa, pa 4 Meyi anamwalira kunyumba kwake. Kuchokera pa kusiya tenisi kufika pa imfa sipanathe miyezi 6.

Anamwino Nabanda:
Kufulumira kumeneko kuli ndi chifukwa chake. Chiwindi ndi chiwalo chopirira, chimagwirabe ntchito ngakhale gawo lalikulu litaonongeka, ndiye chotupa chimakula mwakachetechete. Kwa wodwala PSC n'kovuta kwambiri, chifukwa zizindikiro za khansa, monga kutopa, chikasu ndi kuwonda, ndi zomwezo za matenda ake akale, ndipo pa chithunzi malo otsekeka ndi chipsera amafanana ndi otsekeka ndi chotupa. Ikapezeka mochedwa, kudula sikuthekanso, ndipo chiwindi chodwala kale sichipirira mankhwala amphamvu.

Ndipemphe kuti owerenga asasokoneze ndi za kwathu kuno. PSC ndi matenda osowa, ofala kwambiri kumpoto kwa Ulaya. Kuno khansa ya chiwindi imabwera makamaka ndi hepatitis B, komanso chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Hepatitis B ili ndi katemera, ndipo ku Malawi ili m'gulu la akatemera a ana kuyambira 2002. Akuluakulu obadwa chaka chimenecho chisanafike angathe kukayezetsa magazi. Kwa aphunzitsi a masewero, mwana amene akutopa mosiyana ndi anzake kwa masabata angapo, maso achikasu kapena akudzikanda usiku, musamunene kuti ndi waulesi, mutumizeni akayezedwe.

Achimwene a Mpira:
Chabwino, pa 2010 ndavomera, Li Na ndi Schiavone sungawagonjetse ndi mwayi kawiri. Pa malo aulere ndikadali pomwepo, ndondomekoyo imakondera maiko anayi. Funso lomaliza kwa ine: ndinamva kuti anali ndi sukulu ya tenisi, kodi inathera pomwepo?

Madala a Tenisi:
Pa malo aulere sindikutsutsani, achimwene. Sukuluyo anaiyambitsa ndi Severino ku Ipswich mu 2010, chaka chomwe anali pachimake, osati atapuma. Cholinga chinali kufikira ana a m'mabanja osapeza bwino, makamaka atsikana, kudzera m'masukulu a pulayimale, chifukwa ku Britain tenisi imadya ndalama zambiri za makolo. Atamwalira ntchitoyi inapitirira pansi pa Elena Baltacha Foundation, Judy Murray akuthandizira. Mu Juni 2014 kunachitika masewero otolera ndalama otchedwa Rally for Bally ku Queen's Club, Birmingham ndi Eastbourne tsiku limodzi, komwe kunasewera Andy Murray, Martina Navratilova, Tim Henman ndi ena. Masewerowa anakonzedwa Elena akadali moyo kuti amulimbikitse. Ndalama zinagawidwa pakati pa bungwe lake lija ndi thumba la chipatala cha khansa cha Royal Marsden. Mpikisano wa Nottingham utakwezedwa kukhala wa WTA mu 2015, chikho cha amayi anachitcha dzina lake.

Kochi Phiri:
Kwa amene akufuna kuphunzitsa ana aang'ono monga amachitira kumeneko, zida zake n'zosavuta. Ana osapitirira zaka 8 amayamba ndi mpira wofiira, waukulu pang'ono komanso wochedwa kwambiri, pa bwalo la mamita 11, ukonde wa masentimita pafupifupi 80, raketi yaifupi ya mainchi 19 mpaka 23. Bwalo limodzi la akuluakulu limakwana timabwalo totere tinayi, ndipo bwalo la netibolo la pasukulu lingagwire ntchito mutajambula mizere ndi choko. Zaka 8 mpaka 10 apite ku mpira wa olenji pa bwalo la mamita 18, kenaka wobiriwira pa bwalo lonse, mpira wachikasu pomaliza. Mukamupatsa mwana wa zaka 7 mpira wa akuluakulu umamudumphira pamwamba pa mutu, amazolowera kugwira raketi molakwika pofuna kuufikira, ndipo chizolowezi chimenecho chimatenga zaka kuti chichoke.